Zigamba, mtanda, dongo, penti kapena sewero: ndi ntchito iti yamanja imene mpingo wonse ungagwirepo?

Khirisimasi ikamayandikira, m'matchalitchi ambiri muno mu Blantyre mumachitika zofanana. Msungichuma amatulutsa kangachepe, amayi awiri amakwera minibasi ya ku Limbe, n'kubwerako ndi jumbo yodzaza zonyezimira, mabaluni ndi timagetsi tophethira. Loweruka madzulo anyamata amakwera makwerero. Lamlungu anthu amalowa, kuyang'ana kudenga, n'kunena kuti, "Koma ndiye mwatchena muno!" Zathera pomwepo. Sindikunyoza, nanenso mabaluni ndafufumitsapo mpaka masaya kuwawa. Koma mwa anthu onse odzaza mabenchi aja, amene angaloze chala n'kunena kuti "apa ndinagwirapo ine" sakwana khumi.

Ndakhala mu komiti yokongoletsa tchalitchi kwathu zaka zingapo, ndipo tinafika potopa nazo zogulazi. Tinayamba kufuna ntchito yoti aliyense aikepo dzanja, ndiponso yoyenda ndi nyengo ya mapemphero. Njira zina tinaziyesa tokha, zina ndinakaziona kwa anzathu a mipingo ina. Poziyerekeza pano sindikuyang'ana kwambiri kukongola. Ndikufunsa zinthu zitatu. Kodi agogo amene maso ayamba kuchita chidima, ndi mwana wa Sitandade 2, onse angagwirepo? Kodi chinthucho chikusintha Lamlungu ndi Lamlungu, kapena chikungoima chimodzimodzi mpaka anthu aleka kuchiona? Nanga nyengo ikatha chipita kuti?

Musanasankhe, yang'anani kalendala iwiri nthawi imodzi, ya mpingo ndi ya zanyengo. Adiventi, nyengo yokonzekera Khirisimasi, imakhala ndi ma Lamlungu anayi, ndipo imayamba pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala. Kuno imeneyo ndi nthawi imene mvula yayamba, chinyezi chili ponseponse, ndipo ambiri mitima ili kumunda ndi pa feteleza. Lenti ndi masiku 40 osawerengera ma Lamlungu, kuyambira Lachitatu la Phulusa, ndipo imagwera kumapeto a dzinja, nthawi imene m'matumba mwa anthu mumakhala mopepuka. Pasaka sachoka pakati pa 22 Malichi ndi 25 Epulo. Pentekoste amabwera tsiku la 50, mu Meyi kapena Juni, chiperoni chitayamba kutsika. Mabuku ambiri a zokongoletsa m'tchalitchi analembedwa ndi anthu amene Khirisimasi yawo imagwa chisanu. N'chifukwa chake mumapeza thonje lomwazidwa pa mtengo wapulasitiki, ife thukuta lili kamukamu.

Nsalu ya zigamba

Ndiyambe ndi imene ndimaikonda, kuti muzidziwiratu kumene ndapendekera. Banja lililonse limabweretsa kachigamba kofanana ndi chikhatho, kodula pa chitenje chakale cha pakhomo. Tizigambato timasokedwa pamodzi mzere ndi mzere, ndipo Lamlungu lililonse nsalu yopachikidwa kutsogolo imakhala itatalikirapo. Amene alibe chitenje choti adulepo asadandaule, atelala a m'makonde a ku Ndirande, ku Bangwe kapena mumsika wa Limbe amasesa zigamba tsiku ndi tsiku, ndipo mukawapempha mwaulemu ambiri amakupatsani.

Kupachika nsalu pa Lenti si zachilendo mu mpingo. Ku Ulaya kale ankatchinga guwa ndi chinsalu chachikulu nyengo yonseyo, ndipo china cha m'chaka cha 1472, chokhala ndi zithunzi 90 za m'Baibulo, chikusungidwabe ku Zittau m'dziko la Germany. Kusiyana kwake n'kwakuti yathuyi sailemba mmisiri mmodzi.

Chimene chimapatsa mphamvu njira imeneyi ndinachiona tsiku lina tikulandira zigamba pakhomo la tchalitchi. Anabwera agogo ena, kachigamba kawo katakulungidwa mu mpango. Kanali kofwifwa, maluwa ake osaonekanso bwino. Mtsikana amene ankalandira anatenga sizasi kuti akalinganize ndi tinzake.

"Iyayi mwanangu, usakadule pakatipo," anatero agogowo. "Nsalu imeneyi ndinaberekera ana anga onse asanu ndi mmodzi. Atatu anatsogola."

Mtsikanayo anagwada, n'kulandira ndi manja awiri. "Pepani agogo, tikasoka momwemu."

Ndipo tinakasoka momwemo, kopotoka, kotulukira kunja kwa mzere. Mpaka lero agogowo akalowa amayamba ayang'ana pamenepo asanakhale pansi.

Pali zinthu zimene muyenera kulengeza poyera tsiku loyamba. Chachikulu: nsalu za chipani ayi. Kaya ndi kachidutswa kopanda nkhope, mtundu wokha anthu amauzindikira, ndipo mudzakhala ndi mlandu umene sesoni kapena khonsolo ya parishi sidzaumaliza. Nsalu zotsatsa malonda nazonso zisiyeni. Nsalu za mabungwe a mu mpingo momwemo, za Mvano, za kwaya, za chikondwerero cha parishi, zili bwino, bola gulu limodzi lisadzaze nsalu yonse. Chachiwiri, zigamba zonse zichapidwe kaye. Ife tinaphunzira mochedwa: denga linadontha usiku wina, chigamba chofiira chatsopano chinasukuluka n'kudetsa mizere iwiri ya pansi pake.

Za mtundu musavutike nazo mtima. Adiventi ndi Lenti zimafuna mtundu wa pepo, Khirisimasi ndi Pasaka woyera, Pentekoste wofiira, koma mukauza anthu kuti abweretse pepo yekhayekha mudzalandira zigamba khumi. Landirani zonse, kenako muzisanje. Zakuda ndi zabuluu wothimbirira ziyambe, zowala zisungidwe, kuti nsalu iziyera pamene chikondwerero chikuyandikira. Kumbuyo ikani nsalu imodzi yolimba, chifukwa zigamba zokhazokha zimakokana n'kung'ambika, ndipo kumtunda pisani nsungwi yowongoka.

Chofooka chake n'chodziwikiratu. Abambo amaima patali, manja m'thumba, ati singano ndi ya amayi, pamene atelala ambiri mumzinda muno ndi amuna. Mukapanda kusamala, ntchito ya mpingo wonse imasanduka katundu wina pamutu pa amayi omwe aja amene amasesa, kuphika pamaliro ndi kuyendera odwala. Ife tinaika lamulo lakuti wobweretsa chigamba asoke yekha mbali imodzi, ngakhale mokhotakhota. Mkulu wa mpingo wina anadzibaya chala kawiri, anthu anaseka, koma sabata yotsatira abambo anachuluka.

Mtanda wosintha sabata ndi sabata

Iyi ndi ya Lenti, ndipo pa zonse ndiyo yotsika mtengo. Mufuna mitengo iwiri ya bulugamu, misomali, ndi waya wa khola la nkhuku wokulunga mtandawo kuti anthu azitha kutsomekapo zinthu. Palibe luso lofunika. Munthu wongobwera kumene tsiku lomwelo atha kutenga nawo mbali, zimene sizitheka ndi nsalu.

Lenti ili ndi ma Lamlungu asanu ndi limodzi, ndipo lililonse litha kukhala ndi chake. Loyamba mtanda uli mbee, wopanda kanthu. Lina anthu amatsomeka timapepala topinda tolembapo zimene zikuwalemera. Lina ana amabweretsa nthambi zouma ndi minga. Lamlungu la Kanjedza masamba a kanjedza amene anthu ayenda nawo amalukidwa pa waya paja, ndipo amene amadziwa kuluka mikeka ndi zipewa amaphunzitsa anzawo kupinda timitanda. Kwa Akatolika ndi a Anglican izi zimalumikizana bwino ndi mwambo, poti phulusa la chaka chamawa limachokera ku kanjedza yemweyo akauma. Lachisanu Loyera zonse zimachotsedwa. M'mawa wa Pasaka aliyense amabwera ndi duwa la pakhomo pake kapena la mumpanda wa aneba, ndipo pomwe nyimbo yoyamba ikutha, mtanda wonse wasanduka maluwa. Ndaona anthu akuluakulu akupukuta m'maso pa nthawi imeneyo.

Koma timapepala tija n'toopsa. Anthu amalemba zenizeni: ngongole ya katapila, mwamuna amene sagona pakhomo, zotsatira za kuchipatala. Kwathu mwana wina wachidwi anasolola kamodzi mapemphero atatha n'kuyamba kuwerengera anzake mokweza. Mwamwayi panalibe dzina, koma mayi wina anatuluka mofulumira, ndipo tonse tinaona. Kuyambira pamenepo timapepala timatenthedwa tsiku lomwelo, anthu akuona, ndipo sitisiya ngakhale kamodzi kugona m'tchalitchi.

Ena amakonda kuti anthu aziunjika miyala patsinde pa mtanda, kuimira zolemetsa. Pamenepa ganizani kawiri. Namondwe wa Freddy anagwa mu Malichi 2023, mkatikati mwa Lenti, ndipo ku Chilobwe, ku Manja ndi madera ena a m'munsi mwa phiri la Soche miyala ndi matope zinatsika n'kukwirira nyumba ndi anthu. Kwa mpingo wa kumeneko, mulu wa miyala kutsogolo si fanizo wamba. Ena angaufune ndithu, kuti akumbukire abale awo, ena sangathe n'kuuyang'ana komwe. Afunseni eni akewo, musawaganizire.

Poyerekeza ndi nsalu, mtanda umaposa pa kuphweka ndi pa kugwira mtima tsiku lomwelo. Umagonja pa chimodzi: Lachiwiri maluwa afota, ndipo palibe chotsala choti mwana adzaloze chaka chamawa.

Khola la Khirisimasi loumba ndi dongo

Mwambo wa khola umakumbukiridwa kuti unafala kuchokera kwa Francis wa ku Assisi, amene m'chaka cha 1223 anakonza modyera ziweto ndi nyama zamoyo ku Greccio m'dziko la Italy kuti anthu aone ndi maso umphawi umene Yesu anabadwiramo. M'maparishi ambiri timaumbidwe ta m'khola ndi togula, toyera khungu, tina tothyoka mphuno, totulutsidwa m'katoni chaka ndi chaka. Chonsecho mwana aliyense amene anakulira pafupi ndi dambo amadziwa kuumba ng'ombe ya linunda. Amene anafikako ku Mua, ku KuNgoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso amene anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976, anaona kuti Maria wovala chitenje ndi abusa a nkhope zathu si zinthu zochititsa manyazi pa guwa.

Gawani anthu a m'nkhaniyo ku miphakati kapena ku makalasi a Sande sukulu. Sabata yoyamba khola la udzu ndi nsungwi liime lopanda kanthu. Yachiwiri zilowe ziweto, yachitatu abusa, yachinayi Maria ndi Yosefe. Mwana aikidwe usiku wa pa 24, ndipo anzeru a kum'mawa adikire mpaka chikondwerero chawo cha kumayambiriro a Januwale. Ana amathamangira kutsogolo Lamlungu lililonse kukaona chimene chawonjezeka.

Vuto ndi mvula. Dongo loumbidwa mu Disembala siliuma, limangochita thukuta n'kugwa miyendo. Umbani mu Okutobala kapena kumayambiriro a Novembala, muumitse pamthunzi kuti lisang'aluke, ndipo ngati pali mayi wodziwa kuotcha mbiya, mupempheni akuotchereni. Za kukula kwake musalimbane nazo. Mudzalandira mbuzi yoposa Yosefe msinkhu, ndi ngamila yofanana ndi galu. Musabweze. Chaka china tinalandira minibasi yadongo, kondakitala ali pakhomo, ndipo titafunsa mnyamatayo anati, "Aphunzitsi, nanga anzeru aja abwera wapansi?" Inaima kuseri kwa khola mpaka nyengo itatha.

Apa mpingo wanu ndiwo unena. Kwa Akatolika khola ndi lapakhomo. M'mipingo ya CCAP ndi ina yambiri, zoumba za anthu kutsogolo kwa tchalitchi zitha kudzutsa funso la mafano, ndipo funsolo si lachibwana kwa amene akulifunsa. Nyumba ya mwini saotchera mbewa. Kambiranani ndi abusa ndi akulu a mpingo musanakumbe dongo, ndipo akakana, khola litha kukhala mu holo kapena m'kalasi la ana. Nsalu ndi mtanda sizikumana ndi chopinga chimenechi.

Kujambula pakhoma

Pamsonkhano wa komiti njira iyi ndi imene imaomberedwa m'manja, ndipo ndi imene ine ndimaiopa. Penti ndi wodula. Khoma la chinyezi limafundula penti nyengo imodzi yokha. Ndipo kunena zoona, pamapeto pake amajambula ndi mnyamata mmodzi waluso uja amene amalemba zikwangwani za masaluni ndi mabutchala, ena onse akugwira makwerero ndi kumuuza kuti mphuno yakhota. Imeneyo ndi ntchito ya mmisiri yokhala ndi oonerera, osati ya mpingo.

Ndiye pali nkhope ya Yesu. Akhale woyera kapena wakuda? Tsitsi lotani? Mkangano umenewu ndaumvapo ukutha miyezi, ndipo poti chojambulacho n'chokhalitsa, wogonja amachiyang'ana Lamlungu lililonse kwa zaka. Chithunzi cha Khirisimasi chimakhala chili pompo pa Lachisanu Loyera. Mipingo yambiri mumzinda muno imapempherera m'makalasi ndi m'maholo obwereka, kumene ngakhale msomali sungakhome. Ndipo pa makoma ngati a St Michael and All Angels, tchalitchi chakale cha CCAP muno mu Blantyre, palibe angayerekeze kuyandikira ndi bulashi. Tchalitchi chimenecho pachokha ndi ntchito ya manja ambiri: chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, amene sanaphunzire za mapulani a nyumba, ndi anthu a konkuno amene anaumba ndi kuotcha njerwa zake pamalo pomwepo.

Ngati mtima uli pa penti, chokani pakhoma. Gulani mapulayi, muwadule, gulu lililonse litenge lake. Kwa Akatolika, malo 14 a Njira ya Mtanda agawidwa mosavuta ku miphakati. Kwa ena onse, Pentekoste ndi mwayi: yalani nsalu yoyera panja, ikani penti wamadzi wofiira ndi wachikasu m'mbale, aliyense aviike chikhatho n'kudinda zala zitaloza kumwamba. Zikhatho zikachuluka zimaoneka ngati malilime a moto, kuyambira cha khanda mpaka cha agogo. Konzani ndowa ya madzi ofunda ndi sopo, chifukwa mu Juni madzi apampopi amaluma, ndipo chitani zimenezi mapemphero atatha. Amayi ovala yunifolomu yoyera sadzakukhululukirani mukachita asanalowe.

Sewero

Apa ndiye sitichita kuphunzitsidwa. Achinyamata athu akapatsidwa nkhani ya Herode kapena ya Pilato amaitambasula mpaka anthu kugwa m'mabenchi ndi phwete, ndipo Lachisanu Loyera misewu ya m'matauni athu imadzaza ndi anthu otsatira mtanda. Sewero silifuna ndalama zambiri, ndipo limakoka anyamata amene sangagwire singano. Koma osewera amakhala khumi ndi awiri, ena onse ndi oonerera, ndipo nthawi zambiri msilikali woseketsa ndi amene anthu amakamukamba kunyumba, osati uthenga. Ndimaliona ngati ndiwo, osati nsima. Liphatikizeni ndi njira ina: mtanda umene anthu akhala akuukongoletsa ndi womwewo unyamulidwe mumsewu, kapena nsalu ya zigamba ikhale kumbuyo kwa osewera.

Za pulojekita ndi zithunzi zotumizirana pa WhatsApp sindichedwapo. Amene alibe foni yojambula atsala kunja, ndipo magetsi akathima pakati pa mapemphero mwatsala ndi khoma loyera.

Nanga musankhe iti?

Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tengani imodzi pa nyengo imodzi. Ngati simunayesepo chilichonse, yambani ndi mtanda pa Lenti ikubwerayi, chifukwa ngakhale zitavuta mwangotaya mitengo iwiri ndi waya. Ngati mpingo wanu uli ndi ana ambiri ndipo abusa kapena bambo mfumu avomera, khola la dongo lidzakupatsani chimwemwe choposa zonse, bola muyambe mvula isanagwe. Ngati mumapempherera m'kalasi lobwereka, nsalu ndiyo yanu, poti imapindika n'kulowa m'chikwama. Ngati mpingo wadutsa m'maliro ambiri kapena m'kugawikana, nsalunso, chifukwa anthu amene sakulankhulana amapezeka zigamba zawo zasokedwa moyandikana. Khoma lisiyeni mpaka mutachita zinazi zaka ziwiri kapena zitatu.

Njira iliyonse imene mwatenga, wotsogolera asakhale waluso kwambiri mu mpingo. Waluso amavutika mtima akaona mzere wokhota, ndipo usiku amabwerera kukasula n'kusokanso. Anthu amazindikira, ndipo chaka chotsatira sabweretsanso kanthu. Mpatseni ntchito yokonza maziko, chimango ndi kusanja mitundu, koma utsogoleri upite kwa munthu wodziwa mayina a anthu, amene angaime pakhomo n'kunena kuti, "Bambo, chigamba chanu sitinachione, tikudikira inu." Pemphaninso abusa kuti ntchitoyo izitchulidwa mu ulaliki kapena m'pemphero, osati pa zolengeza pokha pakati pa za chopereka ndi za maliro, apo ayi imakhala ngati ya komiti.

Ndipo kambiranani za kosungira musanayambe. Zoumba zimafuna katoni ndi udzu wouma, pamwamba, kutali ndi pansi ponyowa. Nsalu iume bwinobwino isanapindidwe, ilowe mu thiranki yotseka, chifukwa chuku, mphemvu ndi makoswe a m'chipinda chosungira katundu sadziwa kuti ndi ya Mulungu. Yathu ija timaitulutsa chaka chilichonse n'kuwonjezera mzere wa ana obatizidwa ndi mabanja atsopano. Pano yafika pansi, ikukwekwereza pa simenti, ndipo komiti yagawanika: ena akuti tiyambe ina, ena akuti tikweze nsungwi kufupi ndi denga. Agogo aja anamva za nkhaniyi, ndipo Lamlungu lapitali anandikoka dzanja potuluka. "Aphunzitsi, mukaikweza kwambiri ine sindikaonanso kanga kaja." Nkhaniyo taiika pa msonkhano wa mwezi wamawa.